Anamwetsa Makoswe Shuga Ndani?

Ukangolengeza kuti ukupita kumudzi, Amalawi a mu Glasgow muno amayamba kukukonda mwadzidzidzi. Ine ndinanena kutchalitchi mwezi watha, ndipo pofika sabata yonyamukira nyumba yanga ya ku Shawlands inali itasanduka positi ofesi. Wina nsapato za mwana wa mlongo wake, wina mafoni akutha, wina mafuta odzola ngati kuti ku Limbe anasiya kugulitsa. Ngakhale m'firiji munali maphukusi awiri: tchizi cha Mayi Fanny ndi chokoleti cha a Jacob, amene anali oyamba kubweretsa lawo. Onse okulungidwa ndi selotepi mpaka osaoneka mkati, dzina la wolandira pamwamba. Mwambo wake timaudziwa tonse: chopatsira sukana, ndipo sutsegula. Kutsegula n'kumuuza mnzako kuti sumukhulupirira, ndipo mbiri yako imakafika kumudzi ndege isanatere.

Lachitatu masana ndinali nditakhalira sutikesi, ndikulimbana ndi zipi, pamene belu linalira.

"Ngati ndi phukusi lina mubwerere nalo!" ndinakuwa ndikutsegula chitseko.

Sanali wa phukusi. Anali Atupele, mkazi wa a Jacob omwewo, mtsikana wathu wochita kafukufuku wa mankhwala payunivesite. Anavala chijasi chake chachikasu chimene mpingo wonse umachidziwira patali. Mvula inali itamunyowetsa, koma kufiira kwa maso ake sikunali kwa mvula.

"Anti Loyce, andiimitsa ku labu. Akuti ndine wakuba. Kapena wabodza. Iwonso sanasankhebe."

Ndisanabwere kuno kudzasambitsa nkhalamba za azungu, ndinali wapolisi wofufuza milandu ku Limbe. Ndiye kutchalitchi aliyense chikamusowa amathamangira kwa ine, kaya ndi ambulera kaya ndi mwamuna. Ndinamukhazika pakati pa maphukusi, n'kumufunsa chimene chabedwa.

"Mankhwala a makoswe anga."

"Ukuweta makoswe?"

"Ndi a kafukufuku, anti. Mukumudziwa mofini, amene amapatsa anthu a ululu waukulu. Vuto lake, thupi limamuzolowera. Muyeso umene wathetsa ululu lero, pakapita nthawi sugwiranso. Amawonjezera, nawonso uleka kugwira. Ine ndimabaya makoswe mofini tsiku lililonse. Ena amalandira mofini yekha. Ena ndimawamwetsanso mankhwala atsopano oletsa kutupa, ufa woyera wosakaniza ndi madzi. Kenako ndimaviika nsonga ya mchira m'madzi otentherako. Khoswe amene mofini akumugwira sachotsa mchira msanga. Amene wazolowera amauchotsa nthawi yomweyo."

"Ndiye wapezapo chiyani, kupatula kuzunza michira?"

"Miyezi yonseyi, a mofini yekha ankazolowera msanga. Omwa ufa uja ankachedwa kuzolowera. Digiri yanga yonse yaima pamenepo. Koma sabata yatha onse azolowera limodzi, ngati sindinawamwetse kanthu. A Baird, amene amandiyang'anira, anatenga kabotolo kukapima. Apezamo shuga. Shuga wa ufa uja wokongoletsera keke."

Ndinamuyang'ana. Akuba ndakumana nawo amitundumitundu, koma woba n'kukusiyira shuga ndinali ndisanamumvepo.

"Iwe sunaone kusiyana?"

"Ufawo susungunuka bwino n'kale. Madzi ake amakhala mbuu. Shugayonso mbuu." Anapukuta mphuno. "Lachisanu ndikaonekera pamaso pa akuluakulu. Akandichotsa, viza yanga yatha. Ya a Jacob nayonso, chifukwa inapachikidwa pa yanga."

"Akuti ndiwe chifukwa chiyani?"

"Chitseko cha labu timatsegula ndi khadi. Chikuonetsa kuti khadi langa linalowa Lamulungu lija la chimvula, nthawi ya mapemphero."

Lamulungu limenelo ine ndinali pa shifiti, sindinapite kutchalitchi. "Iwe unali kuti?"

"Kutchalitchi konko."

"Basi nkhani yatha. Anthu anakuona."

Anayang'ana pansi. "Ulaliki utayamba ndinakabisala m'kachipinda kosungira mabuku a nyimbo. Ndinkawerenga za kusukulu."

"Wekha?"

"Ndekha, anti."

Mtima unandigwa. Zaka zonsezi mwana wokhala kutsogolo, tsiku limodzi lothawa ulaliki ndi limene likufunika mboni.

* * *

A Baird anandilandira m'mawa wa Lachinayi chifukwa ndinawauza kuti ndine azakhali a Atupele. Linali bodza laling'ono, ndipo Mulungu amadziwa kuti kuno tonse ndife azakhali a wina. Anali mzungu wamtali wowonda, wolankhula ngati mawu aliwonse awapima kaye pasikelo.

"Sindikunena kuti ndi iye," anatero m'Chingerezi. "Ndikunena zimene ndaona."

"Mwaona chiyani?"

Anandilozera kabati yachitsulo pakhoma. "Mofini amakhala umu. Makiyi ake ndi awiri, kwa anthu awiri. Palibe anakhudzapo. Wakuba wamba akanalimbana ndi kabatiyi, chifukwa mofini ali ndi omugula. Uyu anailambalala, n'kupita ku firiji yaing'ono iyo, pa shelefu yolembedwa dzina la Atupele. Anakhuthula ufa umene kunja kuno palibe akuudziwa."

"Ndiye Atupele angaube kuti autani?"

Anavula magalasi n'kuwapukuta. "Ndinamuuza kuti wophunzira wina abwereza ntchito yake kuti titsimikize zimene wapeza. Timatero nthawi zonse. Munthu amene zotsatira zake ndi zopeka akhoza kufuna kuti mankhwalawo asowe. Sindikunena kuti ndi iye."

"Mwanena kale."

"Ndimamukonda mwanayu," anatero motsitsa mawu. "Sindinagone. Koma onani nokha."

Ananditembenuzira kompyuta. Kamera ya pakhomo inajambula munthu wa chijasi chachikasu, chipewa chake chitaphimba mutu wonse, nkhope pansi. Mvula ili wawawa. Munthuyo anafika pachitseko, n'kuika khadi pa kabokosi ka belu. Sichinatseguke. Anayang'ana uku ndi uku, n'kuliika pa kabokosi kena m'munsi mwake. Chinatseguka.

"Bwezerani pomwepo."

Anabwezera.

"Atupele walowa pakhomo limeneli kangati?"

"Tsiku lililonse, zaka zitatu."

"Ndiye angaiwale poika khadi?"

"Munthu wamantha amaiwala zinthu," anatero a Baird. Zimenezo n'zoona, ndinaziona ku Limbe. Ena ankaiwala ndi dzina la amayi awo lomwe.

Potuluka anandiimitsa. "Ngati mukudziwa kumene ufawo uli, chonde. Sunayesedwepo pa munthu. Mankhwala a mtundu umenewu akachuluka amaboola m'mimba ndi kuwononga impso. Makoswe timawapatsa kachidutswa kosaoneka n'komwe."

Ndinakwera basi mutu uli zweee. Wakuba wosafuna chogulitsika, wodziwa shelefu koma wosadziwa chitseko. Ndinapitirira siteji yanga osazindikira.

* * *

A Zangaphee, mkulu wa mpingo, amakhala ku Gorbals m'nyumba zatsopano zija zoyandikana ndi mtsinje. Lamulungu lililonse amaima pakhomo la tchalitchi kuyambira pemphero lotsegulira mpaka dalitso, ndipo palibe amatuluka iwo osamuona. Ana amawaopa kuposa apolisi. Anandilandira atavala tayi ngakhale anali okha m'nyumba.

"Mayi Loyce, ine bodza sindinena. Choyamba, Lamulungu mukunenalo kunagwa mvula yamphamvu. Chachiwiri, abusa analalikira za Yona. Chachitatu, ulaliki utangoyamba, mwana wathu Atupele anatuluka."

"Munamuona?"

"Ndi maso angawa."

"Nkhope?"

Anakhosomola. "Chijasi. Koma chijasi chimenecho mumpingo muno n'chimodzi."

"Ndafunsa nkhope, abambo."

"Chipewa chinali chitaphimba. Ndinapereka moni, sanayankhe. Zinandikhudza. Mwana uja ndi waulemu, ndiye ndinati kapena maphunziro ayamba kumukwera m'mutu."

"Anabwerako nthawi yanji?"

"Tikutolera zopereka. Anadutsa chowerama, n'kutsikira m'chipinda chapansi kumene timapachika majasi."

"Winanso anatuluka?"

"Palibe. Ndikanamuona."

"A Jacob anali pati?"

"Pansi, kuyala mipando ya chakudya, monga mwa masiku onse. Amabwera kuchokera ku shifiti ya usiku, ndiye akakhala muulaliki amawodzera mpaka kuliza mkonono. Ndinawapatsa ntchito imeneyo ndekha kuti tisachititse manyazi mpingo."

"Ndiye amene anatenga chijasi pansipo, a Jacob anamuona."

"Ndinawafunsa ine nkhaniyi itamveka. Akuti anali kalikiliki ndi mipando, sanaone munthu." Anakonza tayi. "Chachinayi, Mayi Loyce, kaphukusi kanga ka mankhwala a mano mwakaika bwino? N'kwa achimwene anga ku Kasungu."

Ndinawatsimikizira kuti kali bwino. Ndinatuluka nditapsa mtima. Ndinabwera kudzafuna mboni yomupulumutsa mwana, ndapeza mboni yomumangitsa, yovala tayi.

* * *

Kwa Mayi Fanny ku Dennistoun umamva fungo la keke ukadali pamasitepe. Ndiwo amaphika za maukwati ndi za maubatizo onse a Amalawi kuno. Kulankhula kwawo n'kwa wailesi yopanda pozimitsira.

"Loyce! Lowa, vula nsapato, tchizi changa chili m'firiji? Usachiike ndi sopo, chaka chatha wina anandiikira ndi sopo, apongozi anga anadya thovu. Wamva za Atupele? Ine ndiye sindinagone, shuwa. Mwana wabwinobwino. Gwira mbale iyi."

Ndinagwira mbale. "Shuga wanu wokongoletsera keke uja, mwapatsako munthu masiku apitawa?"

"Aliyense amapempha kwa ine, ngati ndine golosale. Dikira. Eya! Atupele yemweyo. Loweruka lija mawa lake kukugwa chimvula."

Mbale inatsala pang'ono kundipulumuka. "Anabwera yekha?"

"Anatuma amuna ake. Akuti akufuna kuwaza pa madonasi. Ndinawapatsa m'kapepala, pang'ono pokha. Madonasiwo mpaka lero sindinawaone, ndiye ukamuuze kuti Fanny akudikira."

Chijasi cha Atupele, khadi la Atupele, tsopano shuga wa Atupele. Kulikonse kumene ndinkaponda ndinkamukumbira dzenje mwana wa eni ake. Ndinayamba kudzifunsa ngati misozi ija sinandipusitse.

"Lamulungu limenelo munali kukhitchini yapansi?"

"Ndinatsika tikuimba nyimbo yotsekera, kuti ndikatenthetse mpunga. Ndiye ndipeze chiyani? Mipando ili mulu pakona! Palibe ndi umodzi womwe woyalidwa. Tinayala tokha azimayi, ine ndi msana wangawu. A Jacob ali chiimire pa sinki, akumwa madzi ngati athamanga mpikisano. Ndinati, achimwene, mwagonanso? Iwo kumangomwa madziwo."

"Mipando sinayalidwe?"

"Ndikunama ine? Koma sindinawakalipire, ayi. Munthu uja ali pa mavuto. Amayi awo ku Ntcheu khansa ija yafika poipa. Akuti mankhwala a ululu a kuchipatala analeka kugwira, amangolira usiku wonse. Ine ndinati koma Mulungu ndi wodabwitsa, mpongozi wawo yemwe ndiye wapeza mankhwala ake."

"Mankhwala ake a chiyani?"

"Iwe unali pa shifiti tsiku la umboni? Atupele anaimirira kuthokoza Mulungu kuti ntchito yake yatheka. Akuti mofini akatha mphamvu, ufa wake uja umamudzutsa. Tinaimba nthungululu mpaka azungu a mpingo wa m'mawa anasuzumira."

"Ananena kuti ndi za makoswe?"

Mayi Fanny anaima ndi supuni m'mwamba. "Mwina ananena. Koma iwe, pa umboni ndani amamvetsera za makoswe?"

Ndili m'sitima yobwerera, dzina la a Jacob linkangobwera m'mutu, ine n'kumalikankha. Mwamuna wofatsa uja, wamfupi ngati mkazi wake, amene amamudikirira pakhomo la labu ndi ambulera. Viza yake ili pa viza ya mkaziyo. Angadule bwanji nthambi imene wakhalapo? Komanso ufawo akanautumiza bwanji? Pa positi sangayerekeze. Ndinasiya kuganiza, mutu unkandiwawa.

* * *

Atupele ndinamupeza atakhala pamasitepe a nyumba yanga. Tinalowa, ndinatereka ketulo, ndipo sindinafune kuzungulira.

"Unatuma a Jacob kukapempha shuga kwa Mayi Fanny?"

"Shuga? Ayi."

"Madonasi unaphika?"

"Anti, ine ndi madonasi? Nthawi yake iti?"

"Mapemphero atatha, chijasi chako unachipeza chotani?"

Anayang'ana mikono ya chijasicho ngati akuiona koyamba. "Chonyowa," anatero. "Ndinkati wina wapachika ambulera pamwamba pake."

Ndinaona kuti kumene maganizo anga akupita, akenso akupita komweko, ndipo tonse tinkaopa kufika.

"Ayi," anatero mwamphamvu. "Ayi, anti. Ndipo ngakhale munthu atautenga, ufawo wawonongeka kale. Sukhalitsa potentha. Umafuna m'firiji nthawi zonse. Kunyumba kwathu firiji ndimatsegula ine, mulibe kanthu."

Ketulo inazima yokha. Ndinanyamuka kukatenga mkaka. Ndinatsegula firiji, dzanja langa n'kukankha phukusi kuti ndifikire botolo, monga ndakhala ndikuchitira m'mawa uliwonse.

Dzanjalo linaima pomwepo.

A Jacob analibweretsa Lolemba lotsatira Lamulungu la chimvula, ulendo wanga ukadali kutali. Anati ndi chokoleti cha amayi, ndiliike m'firiji mpaka tsiku lonyamuka, ndipo m'ndege likhale m'chikwama cha m'manja. Chokoleti chofuna firiji mu Novembala wa ku Glasgow, m'nyumba imene ine ndimagona ndi masokosi awiri! Ndinavomera osaganiza, chifukwa wopatsira safunsidwa mafunso. Wapolisi wa zaka zonse zija, ndazungulira tauni yonse pa basi ndi sitima kufunafuna katundu amene wagona pambali pa majarini anga.

Ndinaliika patebulo. Pamwamba panali dzina la apongozi ake a Atupele, m'zilembo za a Jacob.

"Simungatsegule," ananong'ona Atupele. "Ndi chopatsira."

Ngakhale iye, viza ili pamoto, mwambo unamugwirabe pakamwa. Chibwerere kuno ndanyamula maphukusi a anthu osawerengeka ndipo sindinang'ambepo ndi limodzi lomwe. Ndinatenga mpeni wa buledi.

Munali masokosi aubweya, chokoleti chimodzi chenicheni, ndi kabotolo ka mavitamini kokulungidwa m'sokosi. Atupele anakatsegula, n'kuyang'anamo. Sanalire. Anangokhala pansi pa khitchini, msana atatsamira firiji.

* * *

A Jacob anafika dzuwa lisanalowe, ngati tingati ku Glasgow kuli dzuwa. Ndinawaimbira kuti sutikesi yalemera, abwere tichepetse katundu. Ataona selotepi yong'ambika patebulo ndi mkazi wawo ali pansi, anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa.

"Mwatsegula, anti."

"Ndatsegula. Mukandinene kumpingo."

Sanakane kanthu. Ndinkafuna akane kuti ndipeze powakalipira, koma anangokhala pampando n'kuyamba kulankhula akuyang'ana kabotoloko.

"Amayi amandiimbira ndikamatuluka ku shifiti. Salankhula. Amangobuula, ine n'kumamvera. Achemwali akuti achipatala awonjezera mofini kawiri konse, sakugwira. Ndiye Atu anaima kutsogolo kwa mpingo n'kunena kuti chinthu chimenechi chilipo. Chili m'firiji, mtunda wa basi imodzi. Akumwa makoswe."

"Munandifunsa?" anatero Atupele.

"Ndinakufunsa. Unati zaka khumi kapena kuposa chisanafike kwa anthu. Amayi ali ndi zaka khumi?"

"Ndiye munavala chijasi changa."

"Khadi linali m'thumba. Kunja kunali mvula. Sindinaganize za kamera, Mulungu akudziwa. Ndinkati ndikasiyamo shuga sudzaona, ndipo akadzakupatsa ufa wina zidzapitirira. Sindinadziwe kuti makoswe adzaulula."

"Nanga andiimitsa, ndikulira pabedi, inu mukundisisita kumsana?"

"Ndinkati anti akangonyamuka Loweruka, ndikuuza zonse."

"Loweruka. Ine andichotsa Lachisanu."

A Jacob anaweramitsa mutu.

"Amayi munawauza kuti azimwa bwanji?" ndinafunsa.

"Supuni yaing'ono m'phala, m'mawa."

Atupele anagwira pakamwa. "Supuni? A Jacob, supuni imeneyo ndi ya makoswe onse a m'labu kwa miyezi. Munthu wofooka ngati amayi, akanasanza magazi. Ndipo sitikudziwa ngati umagwira pa munthu. Sitikudziwa! N'chifukwa chake ndimakhalira kuviika michira ya makoswe mpaka manja kuzizira. Mukanawapha ndi dzanja la anti."

Mawu omalizawo anandilowa mpaka m'mafupa. Ndinadziona ndili ku Ntcheu, ndikupereka phukusi ndi manja awiri, gogo akundidalitsa. Ndinawakwiyira a Jacob kwambiri, ndipo nthawi yomweyo ndinawamvera chisoni. Sindinadziwe kuti ndiwamenye ndi chikho kapena ndiwathirire tiyi.

"Tsono titani?" anafunsa iwo, akuyang'ana ine.

"Njira ndi ziwiri, ndipo zonse n'zoipa," ndinatero. "Kabotolo aka kakabwerera kokha popanda mwini mlandu, adzati Atupele wachita mantha n'kubweza zimene anaba. Kakapita ndi inu, mukanene zonse kwa a Baird ndi kwa apolisi, iye akhoza kupulumuka. Inu sindikudziwa."

"Andibweza kumudzi."

"Mwina."

Tonse tinayang'ana Atupele. Akanatha kunena kuti zisiyeni, tikwere ndege tonse, digiri ipite. Akazi ambiri ndawaona akutero ku Limbe, kubwera kudzachotsa mlandu nkhope ikadali yotupa. Anadzuka pang'onopang'ono, n'kutenga kathumba kanga koziziritsira zakudya. Anaikamo madzi oundana, kenako kabotolo kaja, mosamala ngati dzira.

"A Baird sanaweruke," anatero. Anavala chijasi chake chachikasu n'kutseka zipi mpaka m'khosi. "Tiyeni. Ulendo uno muvale chanu."

A Jacob anaimirira. Pomwepo foni yawo inalira patebulo, pakati pa masokosi ndi selotepi. Pagalasi panalembedwa kuti Amayi.

Inalira, inalira. Iwo ankangoiyang'ana, manja ali lende. Atupele anatembenukira kukhoma. Palibe anasuntha, ndiye ndinaitenga ine.

"Jacob?" Mawu awo anali aang'ono, ochokera kutali, opuma movutikira.

"Ndine Loyce, mayi. Amene ndikubwera Loweruka uja."

"Oo, mwanangu, Mulungu akudalitseni. Ndikuwerenga masiku. Mankhwala anga aja mwanyamula?"

Ndinayang'ana kathumba kali m'manja mwa Atupele. Ndinayang'ana a Jacob, misozi ikutsikira m'kolala.

"Mankhwala ayi, mayi. Sanali oyenera inu. Ndanyamula masokosi."

Ndinamva akukoka mpweya.

"Nanga mwana wangayo? Chaka chino abwera?"

"Zikuoneka kuti abwera, mayi," ndinatero. "Mwina msanga kuposa mmene ankaganizira."

Kumeneko ku Ntcheu, ndi kamphamvu kamene kanatsala, gogo anayamba kuimba nthungululu.